Nyali Zoyang'ana Kumwamba

Mng'ono wanga anamwalira Lachiwiri m'bandakucha, mwezi wa Okutobala, chaka chachitatu cha matipate. Anali atadwala miyezi isanu ndi itatu m'kanyumba ka lendi ku Zingwangwa, kutsetsereka pang'ono kuchokera pamene ndinkakhala ine. Matenda ake anali aja amene masiku amenewo sitinkawatchula dzina, tinkangoyang'anana. Amene anamudwazika mpaka mapeto anali mkazi wake, mlamu wanga, mtsikana wa Chilomwe wochepa thupi, wosachuluka mawu. Ife abale tinkapita Lamlungu tikaweruka ku Misa, titanyamula nthochi, n'kukhala pakhonde mphindi zingapo, n'kubwerera kukasamba m'manja. Kuchapa zofunda, kumutembenuza, kumumwetsa phala ndi kasupuni, zonsezo zinali za mlamu yekha. Komabe kwa abale athu ambiri, iye ndiye anabweretsa matendawo m'banja. Umboni panalibe amene anali nawo, ndipo panalibe amene anaufunsa.

Kwathu ndi kuchigwa, kuseri kwa zikhotakhota za Chikwawa, ndipo ife munthu sitimuika m'tauni ngati kuti alibe kwawo. Uthenga unapita pa wailesi m'mawa womwewo kuti adzukulu akonzeke, mwambo ndi mawa lake. Ndi kutentha kwa mwezi umenewo thupi silikanatidikira tsiku lina. Tinayenera kunyamuka madzulo omwewo, kutsika phiri usiku. Kumene malemu ankagwira ntchito anali atamuchotsa kalekale, atangoyamba kujomba chifukwa cha matenda, ndiye za lole ya kampani panalibe. Anthu onse anatembenukira kwa ine, chifukwa pa mtundu wathu wonse mwini galimoto ndinali ine ndekha.

Galimoto yakeyo inali pikapu yakale imene ndinagula pa okushoni ku fakitale ya ku Makata, kumene ndinkagwira ntchito yosunga zipangizo. Injini inali yolimba, sindinganame. Koma masipuling'i a kumbuyo anali atatopa ndi zaka zonyamula migolo, ndipo nyali ndiye inali nkhani ina. Yakumanja inaphwanyidwa ndi mwala umene lole ina inandilavulira pa Chemusa, yakumanzere inkawala ngati koloboyi wotsala pang'ono kutha palafini. Chaka chathunthu ndinkangoyenda masana, dzuwa likapendeka ine ndili pakhomo. Mkazi wanga ankati galimoto yanga imagona ndi nkhuku. Ine ndinkangoti ndikonza mwezi wamawa, mpaka maliro anandipeza ndisanakonze.

Mmisiri wa magetsi a galimoto analipo pafupi, nyumba yachitatu kuchokera pa siwa. Koma iye ndi ine sitinkamwerana madzi kuyambira nthawi ya chisankho. Iye anali wa chipani china, ine china, ndipo tsiku lina pa bawo tinauzana mawu osabwezeka. Ndine munthu wa mtima wapachala, zimenezo ndimazidziwa ndekha. Ndinalumbira kuti bola kutsika phiri ndi kandulo kusiyana n'kukagogoda pakhomo pake. Komanso ndinali nditaonapo amakaniko a ku fakitale akusintha nyali kangapo, ndipo ndinkayesa kuti kuona ndiko kudziwa.

Ndinakwera minibasi kupita ku msika wa Ndirande, kumene ukhoza kupeza chilichonse chimene chinachokapo pa galimoto, ngakhale chochoka pa yako yomwe. Ndinapeza nyali ziwiri zozungulira, zija zomata galasi ndi babu pamodzi, zogwirapo kale ntchito. Wogulitsa anazigunditsa mawaya pa batire, zonse zinawala mpaka ndinatsinzina.

"Izi mdala ndi za ku Joni," anatero. "Mukaona ndi nyerere yomwe pamsewu."

Ndinafika pa siwa dzuwa lili paliwombo. Masamba anali atayalidwa kale pamsewu, amayi a mphakati wathu akuimba m'nyumba, akalipentala akumalizitsa bokosi kuseri. Ndinaimika pikapu m'kanjira ka pakati pa nyumba ziwiri, n'kuvula shati. Tizitsulo togwira nyali tinali titachita dzimbiri, masikuluu osamva kanthu. Ndinathirapo mafuta a mabuleki, kudikira, kupotokola, sikuludilaiva n'kuterereka kundiboola chikhatho. Ndinamanga ndi kansanza n'kupitiriza. Waya wakuda umene umamangidwa ku chitsulo cha galimoto unali utadyeka, ndinapala ndi sandipepala mpaka chitsulo chinayera. Kasipuling'i kokoka nyali yakumanja kanali katasowa, ndinadula mphira ya chubu n'kumangapo. Maso anga anali pa masikuluu, khutu lili m'nyumbamo. Nyimbo ikatha ndinkamva mawu a mlamu okha. Sankalira mokuwa ayi, ankangoitana mwamuna wake pang'onopang'ono ngati akumudzutsa kuti amwe mankhwala. Koma dzuwa silinkandidikira.

Nyali iliyonse ili ndi masikuluu awiri oiwongolera. Imodzi imaipendeketsa kumanja kapena kumanzere, inayo imaikweza kapena kuitsitsa. Cha m'ma faifi koloko, mthunzi utadzaza m'kanjiramo, ndinalozetsa galimoto ku khoma. Ndinayeza ndi chingwe kuchokera pansi kufika pa nyali, n'kulemba mzere ndi khala pakhomapo. Ndinayatsa. Zinawala zonse ziwiri! Ndinapotokola mpaka kuwala kunakhala m'munsi mwa mzere pang'ono, monga ndinkaonera ku fakitale. Amuna amene anali panja anabwera kudzaona, bambo anga aang'ono ali patsogolo. Iwo anali mng'ono wa malemu bambo anga, munthu wa thupi lake, wopuma pa ntchito ya njanji, mutu wa banja lathu m'tauni.

"Mwana uyu ndi injiniya," anauza anthuwo.

Ndinamva kukoma. Tsiku la maliro a mng'ono wanga, ine ndinamva kukoma.

Mmisiri uja anali pomwepo, poti pa maliro palibe chipani. Anaima chapatali, manja kumbuyo.

"Pepani ndi zovutazi, achimwene," anatero. "Koma mukuyesera galimoto yopanda kanthu?"

"Ndakuitanani?"

"Ayi, ndimangoti mukanadikira kaye anthu..."

"Bambo, pitani mukakonze chipani chanu. Galimoto ndi yanga."

Anandiyang'ana, anayang'ana matayala a kumbuyo, n'kubwerera kukakhala pa benchi. Ine ndinamanga zonse, sikuludilaiva ndinaiponya pansi pa mpando.

Atatha mapemphero tinakweza bokosi, mutu kuloza kutsogolo. Mlamu anatuluka atamugwira mkulu wake, ndipo atakwera anapita kukakhala kumutu kwa bokosi, pamene mkazi wa malemu amakhala. Apo ndi pamene azakhali anga analankhula. Iwo anali mlongo wa bambo, anafika masana kuchokera ku Bangwe, ndipo kwathu azakhali akalankhula pa maliro ngakhale amuna amazolika.

"Pamenepo si pako," anatero. "Wamudyetsa zokwanira. Pita uko."

Analoza kumapeto kwenikweni, pa chitseko cha kumbuyo. Mlamu anadzuka. Anasendera kumapazi kwa mwamuna wake, n'kukhala motsamira chitsekocho. Mkulu wake anamutsatira, pamodzi ndi amayi awiri oyandikana nawo nyumba amene ankamuthandiza kutunga madzi nthawi ya matenda. Thumba la ufa limene a kwawo kwa mlamu anapereka kuti anthu akadye kumudzi linaikidwanso komweko. Abale athu anadzaza m'mbali mwa bokosi. Ndinaona kumbuyo kwa galimoto kukutitimira mpaka bodi inatsala pang'ono kukhudza matayala. Ndinagwada, ndinamenya matayala ndi chibakera, ndinaona kuti mpweya ulimo wokwanira. Za nyali sizinandibwerere m'mutu n'pang'ono pomwe.

Tinanyamuka kuli chisisira, ine pa chiwongolero, bambo aang'ono pambali panga ndi kolona m'manja, kumbuyo nyimbo. M'Zingwangwa muli magetsi a m'magolosale ndi makandulo a mavenda, ndiye msewu ndinkauona ndithu. Chimene chinandidabwitsa ndi galimoto zobwera kutsogolo. Iliyonse inkandithwanimitsira nyali. Dalaivala wina wa minibasi anachita kutulutsa mutu pawindo.

"Dimu, mdala! Mukutiwotcha m'maso!"

Ndinayang'ana, ndinali pa dimu kale. Ndinamutukwana chamumtima, ndinati ndi nsanje chabe, sanazolowere kuona nyali za ku Joni.

Titadutsa Green Corner nyumba zinayamba kutalikirana, mdima unatseka bii. Apo ndi pamene ndinaona. Nyali zanga zinkawala, inde, koma zinkawalira nsonga za mabulugamu ndi mawaya a pamapolo. Tsamba lililonse la m'mwamba ndinkaliona bwinobwino. Msewu unali wakuda ngati kunsi kwa mphika. Ndinayesa fulu, kuwala kunakwera kupitirira mitengo. Ndinabwezera pa dimu, ndinachepetsa liwiro, ndinaika chibwano pa chiwongolero kufunafuna m'mphepete mwa phula. Thukuta linali kamukamu. Kutsogolo kwathu kunali phiri lija, makona amene ngakhale masana madalaivala amatsika akupemphera, ndipo kumbuyo kwanga kunali anthu khumi ndi atatu ndi bokosi.

"Iwe, ukuona kumene ukupita?" anafunsa bambo aang'ono.

"Ndikuona, bambo."

Ndinkanama. Ndinkayembekeza kuti maso azolowera.

Ndiye ndinamva masamba akuphwanyika pansi pa matayala, khrrr. Nthambi pamsewu, kutali ndi nyumba, zimatanthauza chinthu chimodzi: pali galimoto yofa patsogolo. Ndinaponda buleki ndi mphamvu zanga zonse. Matayala analira, bokosi linaterereka n'kumenya kumsana kwa kabini, gu! Nyimbo inaduka pakati pa mawu. Titaima, kumbuyo kwa chilole cha matabwa kunali pafupi ndi galasi langa moti ndikanatha kuchigwira ndi dzanja. Chinalibe nyali ngakhale imodzi. Dalaivala wake anali pambali pa msewu akuotha moto, ndipo anadzuka atagwira pakamwa.

Ndinalambalala chilolecho mokwawa n'kukaimika patsogolo pake, m'mphepete. Ndinatsika, ndinatsegula boneti, ndinagwira waya aliyense ndi tochi kukamwa. Palibe chimene chinamasuka. Mphira yanga inali pomwepo, masikuluu ali nga. Nyali zili m'mwamba.

"Masana zimawala bwino pakhoma paja," anatero bambo aang'ono, mokweza kuti onse amve. "Ndinaona ndi maso angawa."

Kumbuyo azakhali anati, "Akukana."

Kwathu galimoto ya maliro ikavuta panjira, sitiyambira kwa makaniko. Timati malemu ali ndi chifukwa, pali munthu kapena chinthu chimene sakufuna kuyenda nacho. Ine ndinali Mkatolika wa Misa ya Lamlungu lililonse, ndipo nkhani zoterezi ndinkaziseka pa bawo. Usiku umenewo sindinaseke. Azakhali anaika chikhatho pa bokosi, n'kuyamba kulankhula naye malemu m'Chisena, mofatsa ngati akunyengerera mwana wodwala.

"Mwananga, longa. Mbani?"

Ankamufunsa kuti anene amene wamutsekera njira. Yankho anali nalo kale asanafunse. Anatembenuka n'kuloza kumapeto kwa galimoto.

"Mkaziyo atsike."

"Mayi, usiku uno? Patchire pano?" anatero mkulu wake wa mlamu. "Munthuyu ndi mkazi wake. Miyezi eyiti amamusambitsa yekha, inu muli kuti?"

"Tifere pa phiri tonse chifukwa cha iye? Nkhabe, sizingatheke! Mwamva nokha bokosi likugunda. Atsike."

"Azakhali, tiyeni tione kaye..." ndinayamba ine.

"Iwe khala chete. Wakonza, zawala, tonse taona. Wazikweza kumwamba ndi ndani? Ndi iwe?"

Mkangano ukanapitirira, koma mlamu anadzuka yekha. Anagwira bokosi chakumapazi, analisisita kamodzi, n'kutsika. Mkulu wake anatsika akutukwana, amayi awiri aja nawo anatsika chifukwa sakanamusiya. Azakhali anauza mnyamata wina wa kwathu kuti atsitse ndi ufa womwe, poti nawonso ndi wa kwawo. Thumba linagwa pansi, phi.

Ine ndinali nditaima kutsogolo kwa galimoto. Ndinamva masipuling'i akulira, kwee, bodi ikunyamuka. Ndipo pamaso pa anthu onse, kuwala kunatsika. Kunachoka m'masamba, kunatsetsereka m'mathunthu a mitengo, kunadzagona pa phula. Sikunafike pabwino penipeni, koma msewu unaoneka, ndi miyala ya m'mbali yomwe.

"Mayo!" anakuwa mayi wina. Ena anayamba kulemba chizindikiro cha mtanda.

Nthawi yomweyo ndinadziwa. Mawu a mmisiri uja anandimenya ngati mbama: galimoto yopanda kanthu. Ndinawongola nyali kumbuyo kulibe munthu. Titakweza bokosi ndi anthu, kumbuyo kunatitimira, mphuno ya galimoto n'kudzuka, nyali n'kuloza kumwamba. Amayi anayi ndi thumba la ufa anali kunsonga kwenikweni, kumene kulemera kumavuta kwambiri, ndipo anawaika kumeneko ndi azakhali omwewo. Atatsika, mphuno inagwa. Panalibe za malemu apa. Panali ine, injiniya wa pakhoma, safunsa amene anadya phula.

Ndinadziwa, koma sindinanene. Izi ndi zimene zimandilemera mpaka lero. Kunena kukanatanthauza kuima pamaso pa mtundu wonse n'kuvomera kuti ndatsala pang'ono kuwapha chifukwa chokana kumva munthu wa chipani china. Komanso msewu unali ukuoneka, nthawi ikupita, ndipo kukhala chete kunali kophweka. Ndinatseka boneti, ndinalowa, ndinaliza injini. Pagalasi ndinaona mlamu ataima pakati pa msewu, magetsi anga ofiira akumuwalira pa chitenje, manja ali pamutu. Kenaka mdima unamumeza.

Kumbuyo sanayambenso kuimba. Ndinkadziuza kuti ndifotokoza mawa, maliro akatha, kuti akwera basi ya m'mawa, mwina apeza mwambo usanathe. Ndinkadziwa kuti basi imeneyo imafika kwathu dzuwa litapendeka. Mzati uliwonse umene ndinkadutsa unkanditalikitsa ndi iye, ndipo phiri linali likuyandikira. Tikangoyamba kutsika, poima pakanasowa.

Tinayenda mwina kilomita imodzi ndi theka. Bambo aang'ono anapsompsona mtanda wa kolona yawo n'kupumira m'mwamba.

"Waona, mwana wanga? Akufa amaona zimene ife sitiona. Mkazi uja ndi amene anamupha."

Mtima womwe uja umene unandilakwitsa masana unandiwira pomwepo. Ndinaponda buleki, ndinakokera pambali, ndinatsika injini ikulira.

"Bambo, tsikani."

"Wapenga?"

"Tsikani, bambo, chonde. Mukakhale kumbuyo uko, pa chitseko."

Sindinayambe ndawalankhulapo choncho. Anatsika mwina chifukwa chodabwa. Ndinaitananso anyamata atatu amene anali pafupi ndi kabini, ndinati asendere kumapeto. Azakhali ankafunsa kuti masewera anji amenewa pa maliro. Ndinati ayang'ane kutsogolo. Bambo aang'ono anakwera movutikira, anakhala pa chitseko, anyamata aja pambali pawo. Masipuling'i analira. Kuwala kunanyamuka pa phula, kunakwera m'mathunthu, kunakakhala m'masamba.

"Ndiye nanunso akukukanani?" ndinafunsa. "Azakhali, tiwatsitsenso bambo? Ndi kulemera kumeneku. Ndinalakwitsa ndine. Ndinawongola nyali galimoto ili yopanda kanthu, munthu anandichenjeza, ndinamutukwana. Mlamu alibe mlandu."

Bambo aang'ono anatsika, kuwala kunagwa pang'ono. Anakweranso okha, osauzidwa, kuwala kunakwera. Anakhala pomwepo atazolika.

"Ndikubwerera kukamutenga," ndinatero.

"Galimoto ya maliro sibwerera m'mbuyo," anatero azakhali. Mawu awo anali atatsika, koma pamenepa sakanagonja, ndipo anthu onse anali mbali yawo. Ndinazimitsa injini, ndinatenga tochi, ndinayamba kuthamanga wapansi.

Njira inali yokwera. Ndinali ndi nsapato za ku ntchito, chikhatho chikutulukanso magazi, chifuwa chikupsa. Galimoto iliyonse imene inkandidutsa kulowera ku tauni ndinkaopa kuti iima n'kuwatenga ndisanafike. Nditaona moto wa dalaivala wa chilole uja ndinayamba kuwerenga mitu. Inali isanu. Mlamu anali atakhala pa thumba la ufa, kumbali kwa moto, nkhope kuloza kumene tinalowera.

"Mwaiwala chiyani?" anafunsa mkulu wake. "Ufa?"

Ndinamudutsa, ndinakagwada patsogolo pa mlamu, mpweya ukundithera.

"Alamu, tiyeni. Galimoto ikudikira. Ndalakwa ndine. Si mwamuna wanu, ndi masipuling'i. Kumbuyo kukalemera nyali zimakwera. Ndawaonetsa onse, bambo akhala pamene munakhala inu, zakweranso. Azakhali aona. Tiyeni, mukakhala kumutu."

Dalaivala uja anavomereza, anati ndi zoona, iye amaziona tsiku ndi tsiku akapakira matabwa. Mkulu wake anadzuka n'kuyamba kumanga chitenje.

"Wamva? Dzuka, tiye."

Mlamu sanasunthe. Anandiyang'ana ndi maso ouma, opanda mkwiyo, ndipo ndikanakonda akanakwiya.

"Alamu, musavutike," anatero. "Ndaona ndekha. Nditangotsika, njira yatseguka."

"Ndi kulemera chabe! Munalipo anayi, ndi thumba..."

"Masiku omalizawa ankangondiyang'ana osalankhula. Ndikamamupukuta, maso ali pa ine. Ndimadzifunsa kuti kodi akuganiza chiyani, mwina nayenso akuti ndine. Sindinamufunse, ndimaopa. Lero wandiyankha."

"Sanayankhe kanthu, alamu! Ndi sikuluu, kachitsulo aka!"

"Nanga bwanji simunanene pompaja?"

Anafunsa mofatsa, osati mondizenga mlandu. Kwa iye kukhala chete kwanga kunali umboni wina: munthu amene anakonza nyalizo anaona zikutsika, sanatsutse, analiza galimoto n'kupita. Ndinayesa kufotokoza za manyazi, koma mawu ake ankamveka ngati bodza lopeka panjira pothamanga. Mkulu wake anamukoka dzanja, amayi aja anamunyengerera, ine ndinalira ngati mwana. Iye anangopukusa mutu.

"Mupite, adzukulu akudikira. Ndisamuvutitsenso panjira. Wavutika kokwanira."

Ndinakhala pamenepo mpaka ndinamva huta ya galimoto yanga ikulira kutali. Dalaivala uja analonjeza kuti akhala nawo pamoto mpaka kucha. Ndinabwerera ndekha.

Nditafika ndinauza anthu kuti akhale mmene akhalire ulendo wonse, wina asasunthe. Ndinatenga sikuludilaiva pansi pa mpando. Sikuluu iliyonse ndinaipotokola kanayi, kuwala kunagona pa phula bwinobwino. Sizinanditengere mphindi zitatu. Azakhali sanafunse kuti mkazi uja ali kuti, ndipo ine sindinawauze. Tinatsika phiri lonse popanda chovuta, kona iliyonse ikuoneka, mbuzi zogona pamsewu ndikuziona zili kutali. Wogulitsa wa ku Ndirande sananame.

Tinamuika mng'ono wanga m'mawa mwake, dzuwa la kuchigwa likuswa mtengo. Pofika poyala nkhata, woyendetsa mwambo, amene sankadziwa za panjira, anaitana monga mwa ndondomeko: "Mkazi wa malemu." Anadikira. Anaitananso kachiwiri, mokweza. Abale onse amene tinali m'galimoto tinayang'ana pansi, mpaka iye anapitirira kwa otsatira.

Mlamu anabwerera kwawo ku Phalombe mwezi womwewo. Mtima sunandikhale pansi, ndipo mvula itatha ndinaliza pikapu kupita komweko. Ndinamupeza atayamba kuonda. Ndinadikira kuti kude, ndinalozetsa galimoto ku nthochi za kuseri kwa nyumba, ndinapempha alongo ake anayi kuti akwere pa chitseko cha kumbuyo. Kuwala kunakwera m'makoko mpaka m'masamba. Anatsika, kunagwa. Tinachita katatu, ana a m'mudzi akuombera m'manja. Mlamu anaonerera ali pa mkeka, atafunda nsalu ngakhale kunali kotentha. Titamaliza ndinakagwada pambali pake n'kumufunsa ngati tsopano waona.

"Ndaona, alamu," anatero, n'kundigwira dzanja. "Ndinu munthu wabwino. Mtunda wonsewu kubwera kudzanditonthoza."

Sanakhulupirire. Anamwalira chaka chotsatira akudziwa mumtima mwake kuti mwamuna wake anamukana panjira, ndipo amene anamuuza zimenezo ndinali ine, pamene ndinatseka boneti osanena kanthu.